Nthawi Yanga Yochapa

Lolemba, 3 Novembala

Sindinamumenye Gunnel. Pamasitepe ponse akunong'onezana kuti ndinamugenda kumaso ndi botolo la sopo. Bodza. Ndinagenda khoma. Botolo linaphulika, sopo n'kumuthira m'tsitsi. Ndikanafuna mutu wake sindikanauphonya.

Chimene chinayambitsa palibe akuchinena. Mabanja makumi atatu m'nyumba yathu yosanjayi, makina ochapira awiri m'chipinda chapansi, aliyense maola atatu pa sabata. Anga Lachiwiri, faifi koloko. Lachiwiri lapitali ndinamupeza akumata kapepala pa chowumitsira: "Amene amasiya tiulusi mu sefa akudzidziwa." M'munsi mwake kankhope komwetulira. Kankhopeko ndi kamene kanandiwutsa.

Vuto ndi ili. Nyumbayi si yanga. Mwini wake ali ku Spain, ine wa lendi, ndipo komiti ya eni nyumba ndiyo imavomereza chaka ndi chaka kuti ndikhalebe. Ikumana pa 20. Gunnel ndi mlembi wake. Zaka zisanu ndi zinayi ndili muno.

Lachisanu, 7 Novembala

Kudzuka ngati andiviika mu mgolo. Mashiti a pabedi ndili nawo atatu, onse atatu m'basiketi, onyowa, fungo la mbuzi. Lachiwiri lili kutali. Msambo unasiya mu Marichi n'kundisiyira ng'anjo pachifuwa.

Ku labu kumene ndimagwira ntchito moto wandigwira ndikutsuka mabotolo. Håkan, bwana wathu, pamaso pa anthu: "Ulrika, wafiira ngati nkhanu yophika! Tikutsegulire zenera?" Håkan yemweyo amene ankakopera mayankho anga ku yunivesite ya Uppsala ine ndisanasiye sukulu. Iye pulofesa, ine wotsuka. Ndafinya botolo mpaka laswekera m'manja. Magazi pang'ono. Ndinamva bwino, ndisaname.

Lolemba, 10 Novembala

Kwa mzamba, dzina lake Solveig. Wandipatsa tizigamba ta mankhwala tomata pamimba, kusintha kawiri pa sabata. Khofi asapitirire masana. Vinyo ayi. Kuyenda theka la ola tsiku lililonse, kaya kugwe chiyani.

Akuti mkwiyo umagogoda usanalowe: mano kulumana, zibakera, mpweya kufupika. "Ukamva mano alumana, tuluka panja. Osayankha munthu, osagwira chinthu." Ndamuuza kuti mankhwala akewo ndingamujambulire pa bolodi mmene anapangidwira, ndinalemba mayeso ake. Iye osatekeseka: "Udzajambula, mayi, koma umate kaye."

Ndamata. Ndikanakonda kumumata iyeyo pakamwa.

Lachitatu, 12 Novembala

Pernilla, mng'ono wanga, pafoni: "Kapepese, mfiti iwe. Upita kuti ndi zaka 52? Mzere wodikira nyumba ndi zaka khumi. Kwanga ayi, tingaphane pasanathe sabata." Akunena zoona, n'chifukwa chake ndadula foni.

Mankhwala ena ndapeza ndekha. Chimgolo chotayamo mabotolo kuseri kwa sitolo. Kuponya limodzilimodzi, ndi mphamvu zonse, kumvetsera phwaa! mkatimo. Botolo lililonse dzina lake. Håkan. Pernilla. Gunnel katatu. Palibe angandimange, ndikusamala chilengedwe. Mabotolo anga atha, ndapempha a anzanga ku ntchito. Akuganiza kuti ndasanduka munthu wabwino.

Loweruka, 15 Novembala

Ndapepesa. Mabanzi a sinamoni asanu ndi limodzi, ogula, koma m'mbale yanga. Gunnel pakhomo pake, singano zolukira zili m'manja: "Tonse tinadutsamo, Ulrika. Koma ena sitinaswe kanthu."

Mano analumana. Ndinawamva. Khosi lake lili pafupi chonchi, lowonda ngati la nkhuku. Ndinati zikomo, ndinatsika, kuzungulira dziwe lapafupi ndi kwathu kawiri mpaka makutu kuuma ndi kuzizira.

Thukuta silinasiye koma ndagona maola asanu osadzuka. Khofi wamadzulo ndikumulira ngati maliro. Masiku asanu atsala. Ndikwanitsa.

Lachiwiri, 18 Novembala

Chipale chofewa choyamba chaka chino, basi yachedwa. Ndafika pansi 5:36, basiketi m'manja. Lamulo lili pakhoma: ukachedwa theka la ola, makina ndi a aliyense. Mphindi zisanu ndi imodzi.

Makina onse awiri akuzungulira. Majuzi a ubweya amene Gunnel amaluka yekha, a mwamuna wake, a zidzukulu, pa madzi ozizira. Mwini wake kulibe.

Zonse ndachita monga anandiphunzitsira. Mano, ndawamva. Sindinagwire chinthu. Ndatuluka, ndazungulira nyumba katatu, kupuma ndikuwerenga. Ndabwerera mtima uli zii. Ndaimitsa makina, ndapotokola mpaka pa madigiri 90, ndayatsanso. Onse awiri. Zimene madzi otentha amachita ndi ubweya ndimazidziwa kuposa aliyense m'nyumba muno.

Solveig sananene chochita mtima ukazizira.

Lachitatu, 19 Novembala

Kapepala pansi pa bowo la makalata la pachitseko changa, kali ndi chidindo cha nsapato yanga. Ndinakaponda dzulo osakaona. Ayenera kuti anakaponya ine ndikuzungulira nyumba.

"Ndaona wachedwa, ndalowa pa nthawi yako. Tenga yanga Lachinayi. Ine ndinkasintha mashiti kawiri usiku umodzi, zaka zinayi. Gunnel."

Palibe kankhope.

Chitseko cha chipinda chochapira ndi chamagetsi, chimalemba kiyi aliyense amene watsegula, ndi nthawi yake. Ndikudziwa. Ndi dzulo lomwe ndinkadziwa.

Ndinafika pakhomo pake, chala pafupi ndi belu. Mkati wailesi. Ndinene chiyani, kuti ndinapuma kaye ndikuwerenga? Ndinatsika. Ku chimgolo ndi mabotolo khumi ndi awiri, onse dzina limodzi, langa. Sizinathandize.

Lachisanu, 21 Novembala

Dzulo sindinachape. Nthawi yake yapita yopanda munthu.

Komiti inakumana. Wapampando wandiimbira m'mawa, mawu ake ngati wolengeza zanyengo. Akuti mwamuna wa Gunnel anabwera ndi majuzi asanu ndi awiri n'kuwayala patebulo. Yaikulu pa onse ingakwane mphaka. "Palibe amene akudana nawe, Ulrika. Tikungofuna mtendere pansi paja."

Chilolezo chakanidwa. Ndituluke pakutha pa Febuluwale.

Anayi anakana, mmodzi anavomera kuti ndikhale. Mmodziyo Gunnel.