Nkhope Yanu Siikalamba, Abiti Idrisa

ZUHURA ABITI IDRISA
wa ku Kachulu, m'boma la Zomba

Lero zakwana zaka zisanu ndi zinayi chitisiyireni, Abiti Idrisa. Ndikulemba ndine Sophia, mkazi mnzanu wamng'ono, chifukwa amuna athu Che Twaibu akuti iwo sangathe kulemba dzina lanu. Chithunzi chili pamwambachi asankha okha. Ndinawabweretsera zitatu, iwo anatenga chomwe chija cha tsiku la Idi, mutavala mpango wobiriwira. Munapita muli ndi zaka 41. Ine chaka chino ndakwanitsa 46, ndiye kuti wamng'ono uja ndakupitirirani. Mlendo wina wodzagula mpunga wa ku Likangala ataona chithunzi chanu pakhoma anandifunsa ngati ndinu mwana wanga woyamba. Ndinamuyankha mwaulemu, koma tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Nkhope yanu inayamba kundiwawa tsiku lomwe ndinalowa pakhomo pano. Tinkawamba matemba limodzi kudoko, utsi womwewo, dzuwa lomwelo, mphepo yomweyo ya pa Chilwa yong'amba milomo. Ine ndinkabwerako nditauma ngati nsomba zomwe tinkawambazo, inu muli see, ngati mwaswera m'nyumba. Mafuta anu anali gilisalini wa pagolosale, kadontho kamodzi pachikhatho basi. Ndikuvomera lero kuti kawiri konse ndinakuberani m'kabotolo kanu, poganiza kuti munkasakanizamo mankhwala. Munadziwa. Simunandiyalutse kwa amuna athu. Munangoseka kuseka kwanu kuja kogwira nthiti, n'kundilangiza kuti ndizisamba kumaso ndi madzi a pamjigo, osati a m'nyanja, komanso ndichepetse kukwinya nkhope ndikakuonani.

Mwana wanu Sumaiya tsopano amagwira ntchito m'sitolo ya zodzoladzola m'tauni ya Zomba. Mwezi wathawu anabwera ndi timabotolo tiwiri ta mafuta ochepetsa makwinya kuti ndisankhepo kamodzi, kotsalako akabweze. Akuti m'mafutamo muli tinthu totchedwa mapepitayidi. Ka mafuta a buluu akuti kali ndi mkuwa, ndipo kamathandiza khungu kudzikonza lokha pang'onopang'ono, pa miyezi ingapo. Kena, ka mafuta oyera ngati madzi, akuti kamafewetsa timinofu ta pamphumi ndi m'mbali mwa maso kuti nkhope isamapindike kwambiri munthu akamaseka kapena kukwiya. Mwanayu sanama, watengera inu. Anandiuziratu kuti palibe kamene kangafute makwinya onse, ndipo ndikapitiriza kuswera padzuwa popanda chophimba kumaso ndiye kuti ndikungodzivutitsa. Iye akulongosola, ine maso ali pa masaya ake. Ndi anu enieni.

Timabotoloto ndinakhala nato masiku anayi, ndikumatitenga n'kumatiikanso. Lachisanu amuna athu atabwera kuchokera ku mzikiti ndinatiika pamkeka n'kuwafunsa kuti kabwino n'kati. Sanatigwire n'komwe. Anayang'ana kukhoma n'kunena kuti, "Zuhura sankadzola zimenezi."

Abiti Idrisa, zaka zonsezi ndawachapira bambowa, ndinawadwazika atagwidwa ndi likodzo, ndalera ana anu awiri pamodzi ndi wanga popanda kusiyanitsa mbale. Chaka chomwe nyanja inaphwa ndinayenda nawo m'matope mpaka kufupi ndi chilumba cha Chisi kukalondola bwato lawo, zidendene zanga zinang'ambika mpaka lero. Zonsezi zalembedwa pamphumi panga. Inu munachoka nkhope isanakhudzidwe, ndipo komwe muliko dzuwa silikuwotchani. Ndipikisana nanu bwanji?

Ndinasankha ka buluu. Kofewetsa nkhope kaja ndinabweza, chifukwa ndikufuna Che Twaibu aziona bwinobwino ndikakwiya. Ndimadzola m'mawa uliwonse ndikatha kuswali. Sumaiya akuti zikusintha. Ine pagalasi sindikuona kanthu, koma ndikudzolabe. Chondipweteka n'chakuti munthu yekhayo amene akanandiuza zoona, n'kundiseka mpaka nanenso nditaseka, ndinu. Kuyambira pamene munapita ndilibe woti ndizikangana naye pa mtondo, ndilibenso woti ndimudandaulire za mwamuna ameneyu n'kundimvetsa ndisanamalize.

Sabata yanu yomaliza m'chipatala munakana achemwali anu onse kuti asakusambitseni. Munaitanitsa ine. Ndinakupukutani kumaso ndi kansalu konyowa, mutatha thupi lonse, ndipo ngakhale pamenepo ndinaona kuti ndinu wokongola kundiposa. Ndinalira, inu munkaganiza kuti n'chisoni chokha. Mundikhululukire.

Akukulirani amuna athu Che Twaibu, ana anu Sumaiya ndi Alli, mwana wanga Faizal amene mpaka lero amakutchulani amayi aakulu, achimwene anu a ku Songani, ndi amayi onse owamba nsomba pa Kachulu. Loweruka likubwerali tichita sadaka pakhomo pano. Allah akukhululukireni, akuwalitsireni manda anu.

Kukuiwalani sindingathe, mkazi mnzanga. Ndinayesapo, zinakanika, ndipo tsopano sindikufunanso.

Ine Sophia, m'malo mwa banja lonse.