Dandaulo la Foni Yosadziwa Kukhala Chete

Chikamveka,
Zomba.
15 Okutobala 2023

Okondedwa achimwene a Lameck,

Ine Consolata, mlongo wanu, mwini digiri imene njenjete zakhala zikuiwerenga m'sutikesi kwa zaka zisanu, ndikupereka dandaulo lokhudza foni yomwe munanditumizira kuchokera ku Japaniko. Foniyi ilibe mwambo. Ukajambula chithunzi imalira kuti khetche, ngakhale uitseke pakamwa chotani. Ndinapita nayo kwa a Habibu okonza mafoni ku Chikanda, iwo anaitembenuza kawiri n'kundiuza kuti mafoni a kumeneko amabadwa choncho, ati pofuna kuti anthu asamajambulane mobisa. Ndiye kuti dziko lathunthu la anthu aulemu linakhala pansi n'kugwirizana zodzandichititsa manyazi ine mu wodi ya amuna.

Inde, mu wodi. Ndifikako. Musandifulumizitse, poti inu mwatidikiritsa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mukukumbuka kuti mu Malichi munalonjeza kudzaimba pa vidiyo tsiku lina Lamulungu, kuti abambo aone mpongozi wawo ndi Luntha, mdzukulu amene anamupatsa dzina asanamuone? Abambo anati mpongozi salonjeredwa kudzera mwa womasulira ngati uli pa mlandu kukhoti. Anandilamula kuti ndiwapezere maphunziro a Chijapani, ndipo akhale aulere.

Ndinayamba kukhalira kuseri kwa kauntala m'sitolo ya a Hoosen m'tauni, kumene mwana wawo Nazma, mnzanga wa ku koleji, amandigawira intaneti. Zaulere zilipo, achimwene, koma zili ngati ndiwo za pamaliro, zimafuna wodziwa pokhala. Kapulogalamu kena kanatiphunzitsa kunena kuti mphaka akumwa mkaka, kenaka n'kuyamba kufunsa khadi la kubanki. Abambo anati alibe nkhani ya amphaka yokambirana ndi mpongozi. Pomaliza ndinapeza mavidiyo a mayi wina wa magalasi wolankhula pang'onopang'ono, ndi maphunziro a pawailesi okhala ndi mapepala ake. Zilembo za Chijapani makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndinazikopera kuseri kwa kalendala ya mpingo. Abambo ankati zonse ndi mbedza ndi nyongolotsi basi, koma anaziloweza, munthu woti manambala a nyimbo kutchalitchi amachita kufunsa woyandikana naye.

Tsiku lina Nazma anandifunsa kuti, "Iwe Conso, madalawa akunyamuka liti?" Ndinati, "Sakupita kulikonse, akudikira foni." Sanafunsenso.

Mawu amene abambo anakonza anali ochepa: moni wa anthu oonana koyamba, dzina lawo, ndi pempho loti alandiridwe bwino. Ankayeserera m'mawa akukwera msewu wa kuphiri, n'kumaweramira mitengo ya paini imene anaibzala okha adakali pantchito ya zankhalango. Ogulitsa masituloberi ankangoyang'anana.

Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi sankavula jekete, ati mpongozi salandiridwa ndi malaya okha. Ankakhala pampando pakhonde kuyambira wani koloko, foni itatsamira fulasiki, chifukwa ndinawauza kuti nthawi imeneyo kwanuko mumakhala mutadya chamadzulo. Inu munkalemba kuti mwana wagona, alamu atopa, tiyese sabata yamawa. Apa ndiulule tchimo langa: mauthenga anuwo sindinkawawerengera. Ndinkawauza kuti netiweki ya ku Japani yavuta. Iwo ankapukusa mutu, kudabwa kuti anthu opanga magalimoto onse odzaza m'Zomba muno akulephera bwanji kulumikiza waya mmodzi.

Pa 24 Seputembala anagwa pampando pomwepo, jekete ili m'thupi. Sitiroko. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa. Ndinakulemberani kuti abambo sakupeza bwino, inu n'kuyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Mwina wolakwa ndine, pakuti kwathu kuno munthu amakhala kuti sakupeza bwino kuyambira chimfine mpaka m'bokosi. Ndiye ndinafuna kuwajambula ali m'tulo kuchipatala kuti muone ndi maso anu. Foni yanu inalira. Wodi yonse inacheuka. Abambo anatsegula maso, anaona chimene ndikuchita, ndipo ndi dzanja lotsalalo anakoka bulangeti n'kubisa nkhope yopotokayo. Chithunzicho ndinafufuta. N'chifukwa chake mukulandira pepala.

Chichewa chawathawa, achimwene. Chingerezi chawo cha kuntchito, nyimbo za m'buku, dzina langa, zonse zapita. Adokotala akuti nthawi zina chimatsala ndi chimene munthu ankachibwerezabwereza. M'mawa uliwonse ndikafika ndi phala amandiyang'ana, amayesa kuwerama, n'kunena momveka bwino kuti, "Hajimemashite. Douglas desu." Kutanthauza kuti tikuonana koyamba, ine ndine Douglas. Akuuza ine, amene ndawasambitsa masabata atatu, ntchito yomwe mwambo unaikira mwana wamwamuna. Ndimawayankha monga mayi wa magalasi uja anatiphunzitsira, kenaka ndimatuluka kukaima pang'ono panja.

Dzana adokotala anatiuza kuti tipite nawo kunyumba. Simunakhalitse kunjako mpaka kuiwala kuti achipatala akatero amatanthauza chiyani.

Tsono tifike pa chipukutamisozi. Chifukwa cha manyazi amene foni yanu inandichititsa pamaso pa odwala ndi owadwazika, ndikufuna mbuzi imodzi ya ku Japani, yaikazi, yodziwa kuwerama, yosalira poijambula. Isabwere pa positi. Muikoke nokha pachingwe kuchokera pa Songani mpaka pakhonde pano, alamu ali kumanja kwanu, Luntha kumanzere, mvula isanagwe. Mbuziyo ikakanizidwa pabwalo la ndege, khoti langa lidzalandira otsalawo.

A Hoosen akupereka moni. Nazma wati iye sapereka. Abambo akupereka moni wawo umodzi womwewo, sunapeze mwini wake mpaka lero. Jekete ndaisita, ili pamsomali.

Ine mlongo wanu wodandaula,
Consolata