Nambala ya Manda a Amayi

Kanyama, Lusaka
14 Okutobala, 2024

Okondedwa alongo anga a Marjory,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Francistown pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kukutentha koopsa, fumbi la Kanyama lalowa mpaka m'chitini cha shuga, ndipo magetsi akumabwera ngati mlendo wofulumira kukakwera basi. Mudabwa kuti zatani kuti Silas alembe kalata ya papepala, munthu wogona ndi makompyuta kumutu ndi kumiyendo. Ndayesa katatu kukuuzani pafoni, koma mukangoti, "Lankhula, mwana wa amayi," ndimangoyamba kukamba za kukwera kwa mtengo wa ufa. Pepala silindifunsa mafunso ndisanamalize, n'chifukwa chake ndalisankha.

Zithunzi za mwambo wovundukula mwala wa amayi munaziona. Mwala umene munagula ndi wokongola, dzina analisema bwino, ndipo amayi a kutchalitchi anaimba mpaka mawu kusasa. Munandilembera kuti patatha zaka makumi awiri ndi zisanu mtima wanu wakhala pansi. Alongo anga, ndabwera kudzauwutsanso mtima umenewo. Pansi pa mwala uja pagona munthu wina, osati amayi athu, ndipo wolakwa ndine.

Mukuikumbukira kompyuta ya atate, imene anapatsidwa pamene kampani yawo inkatseka. Chaka chimene madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, mapepala onse a m'sutikesi anasanduka phala, pamodzi ndi chikalata cha kumanda. Kuyambira pamenepo atate anasiya kukhulupirira pepala. Anapita kumanda, nakopera nambala ya pa kachitsulo kozikidwa kumutu kwa amayi, nawerenga mizere ndi mapazi, n'kudzazitayipa zonse ndi zala zawo zaukalaliki zija. Kompyutayo anaikweza pamwamba pa wadiropu, kumene madzi a Kanyama sanafikeko. Inu munalipo tsiku limenelo. Ine ndinali kumpira, ndipo za nambalayo sindinazimvepo.

Kumanda atate ankapita okha chaka ndi chaka, khasu lili paphewa. Ine ndinawaperekezako kawiri ndili wamng'ono, maso ali pa ziwala. Nditakula yankho langa linali limodzi, lakuti ntchito yachuluka.

Ntchito yanga mumaiseka kuti ndimadzutsa mitembo, ndipo simunama. Makompyuta akale amene maofesi ataya ndimawalanditsa kwa ogula zitsulo asanawaphwanye kuti achotsemo kopa. Ndimatha kukuuzani zaka za kompyuta pongomva kalilidwe kake ikamadzuka. M'kati mwa iliyonse muli kabokosi kachitsulo kosunga zonse zimene munthu analemba, kamene timati disiki. Amene anandiphunzitsa ntchito anandipatsa lamulo limodzi: za eni ake sawerenga. Anthu amaiwalamo makalata achibwenzi, zotsatira za kuchipatala, zithunzi zosayenera kuonedwa. Disiki ikafika m'manja mwako, fufuta kaye zonse osasuzumiramo. Lamulo limeneli ndinkanyada nalo kuposa satifiketi yanga, ndipo anzanga okonda kusuzumira ndinkawatcha afiti.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera ba Mukupa, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Kaunda Square, amene amasunga makompyuta akale pabalaza monga ena amawetera nkhunda. Anabweretsa ina ya msinkhu wanga, yosowa kwambiri, koma disiki yake inali itafa. Makina akalewa ali ngati nkhalamba, chakudya chambiri sachilandira. Ukaikamo disiki yatsopano yaikulu amangokuyang'ana. Ndinafunafuna yaing'ono ya nthawi imeneyo ku Matero, ku Chawama ndi m'tauni monse, osaipeza. Ndiye maso anga anakwera pamwamba pa wadiropu.

Kompyuta ya atate inali itakhala chete zaka khumi chipserereni mbali yake ya magetsi, ndipo ndinkangowalonjeza kuti ndidzaikonza. Loweruka lina masana, iwo ali ku msonkhano wa azibambo kutchalitchi, ndinaitsitsa, ndinamasula tizomangira tinayi, ndinachotsa disiki, n'kuibwezera pamalo pake ndi kansalu kake pamwamba. Ndinadziuza kuti sikuba, ndi chinthu chakufa cha m'nyumba mwathu momwe. Lolemba ndinaifufuta monga mwa lamulo langa. Makina anandifunsa ngati ndatsimikiza, pakuti amafunsa nthawi zonse, ndipo ndinavomera uku ndikutafuna chimanga chootcha.

Ba Mukupa ataona kompyuta yawo ikuyaka anandigwira manja onse awiri. "Imwe ba Silas, muli na manja yodalitsika," anatero. Ndinayenda sabata yonse chifuwa chili patsogolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Za sitiroko ya atate chaka chatha mukuzidziwa. Dzanja lamanja, mwendo ndi mawu zinapita, koma maso ndi makutu zikugwira ntchito kuposa zathu. Tsono mu Juni munaimba foni kunena za mwala, ndipo pomaliza munati, "Nambala ya manda ili mu kompyuta ya atate. Ndiwe katswiri, idzutse." Ndinayankha kuti palibe vuto. Nditadula foni ndinakhala pansi pa simenti.

Ndinathamangira kumanda ndi chiyembekezo chakuti ndikawerenga dzina pa kachitsulo. Kulibe ndi kamodzi komwe. Akuba anazula tizitsulo ta chigawo chonsecho n'kukagulitsa pa sikelo, mwina m'mabwalo omwewo amene ine ndimakaombolako makompyuta. Pakati pa manda akale anakumbapo atsopano, ndipo tinjira timene tinalipo tinatsekeka. Ku ofesi ananditulutsira buku la chaka chimenecho, koma masamba a miyezi inayi anadyedwa ndi chiswe, ndipo mwezi wathu uli momwemo.

Kuchoka kumeneko ndinapita kwa ba Mukupa. Ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo, chipewa chili m'manja. Sananditukwane, ngakhale zikanandipepukira akanatero.

"Tengani chabe disiki yanu," anatero. "Koma nikuuzeni, bazukulu banga banafakamo magemu yambiri maningi. Yazula, mulibe na malo."

Kufufuta disiki kuli ngati kupukuta bolodi ya m'kalasi. Zolemba zakale zimaonekabe pang'ono mpaka wina atalembapo zatsopano. Ndinatseka shopu masiku anayi ndikusanthula kachidutswa ndi kachidutswa nthawi iliyonse magetsi akabwera. Ndinapeza mayina a anthu a kwaya, ndinapeza theka la kalata imene atate anakulemberani muli ku koleji ya unamwino. Tsiku lachinayi ndinapeza chimene ndinkafuna, chokhala ndi mutu wakuti AMAYI A ANA. Tsiku la imfa linalipo. Nyimbo imene inaimbidwa inalipo. Panali mzere wakuti, "Kuchokera pa mtengo waukulu, lowera kumadzulo," ndipo zotsatira zake zonse zinali zinyalala. Makina akalewa akasokonezeka amaonetsa tinkhope tomwetulira ndi timitima m'malo mwa zilembo. Pamene panayenera kukhala nambala ya manda a amayi panali tinkhope timeneti mizere itatu, tikundisekerera. Ndinalira ngati mwana, ine bambo wa ndevu.

Madzi akatayika saoleka, koma ndinayesabe. Ndinalemba manambala pa katoni n'kupita nayo kwa atate kuti aziloza imodziimodzi. Anaiyang'ana katoniyo, anandiyang'ana ine, kenaka anakweza dzanja lawo lamoyo n'kuloza pamwamba pa wadiropu. Ndinayesa masiku atatu, ndipo masiku onse atatu analoza pomwepo, akudabwa kuti mwana wawo wophunzira wapusa liti. Ine ndinkangoti, "Inde atate, ndiitsegula."

Mlamu wanu Mwaiwathu anaona kuti sindikudya, ndipo ndinamuululira. Iye anati, "Tibanyamule batate, tiyende nabo kumanda bakatilangize. Bauzeni chabe vamene munachita." Ndinakana, ndinati fumbi liwadwalitsa. Zoona zake n'zakuti ndinaopa maso awo. Tsiku linali litalengezedwa kale kutchalitchi, azakhali anali atafika kuchokera ku Katete ndi nkhuku zawo, inunso munkaimba tsiku lililonse. Aliyense ankadziwa kuti Silas ali ndi nambala.

Choncho ndinabwerera kumanda ndekha. Ndinapeza mtengo waukulu pafupi ndi msewu wa m'katimo, ndinalowera kumadzulo, ndipo ndinaima pa mtumbira wina wotitimira wopanda chizindikiro. Wokumba manda wina amene ankadutsa anati, "Apa palibe bamene bamabwelapo, bwana." Mawu amenewo ndinawatenga ngati umboni. Ndinaitana omanga n'kuwauza kuti ndi pano, ndipo mawu anga sananjenjemere n'komwe.

Tsiku la mwambo atate tinawatenga pa njinga ya odwala yobwereka, yokankha ija. Titafika pa mtengo uja n'kukhota, anagwira tayala ndi dzanja lamanzere mpaka njinga inazungulira. Ndinawachotsa dzanjalo mwaulemu n'kupitiriza kukankha. Anayamba kubuula, mutu ataupotolera kumbuyo, kutsidya kwa msewu. Nsalu itachotsedwa pa mwala anawaika nkhata ya maluwa pamiyendo kuti ayambe ndiwo kuika, koma anaikankhira pansi m'fumbi. Azakhali anati, "Asiyeni achimwene, chikondi chawakulira," ndipo amayi a kutchalitchi anakweza nyimbo. Pa anthu onse aja, amene tinkadziwa chimene atate ankanena tinali atatu: iwo, Mwaiwathu ndi ine. Mukaonanso zithunzi zija muona kuti atate mulibe. Ndinawadula ndisanakutumizireni.

Patapita sabata ndinagwada pafupi ndi bedi lawo n'kuwauza zonse, kuyambira pa tizomangira tinayi tija. Ndinatsitsa kompyutayo, ndinaitsegula, ndinawaonetsa malo opanda kanthu pamene panali disiki. Anaikapo dzanja nthawi yaitali. Sanalire, sanabuule, anangotembenukira kukhoma.

Lamlungu lotsatira ine ndi Mwaiwathu tinawatenganso kupita kumanda, ndipo ulendo uno ndinakankha kumene dzanja lawo linkaloza. Anatiwolotsa msewu mpaka pa chitsa chachikulu chakuda. Mtengo umene ankanena unali umenewo, anthu anaudula kalekale n'kuotcha makala. Kuchokera pa chitsacho analoza kumadzulo. Tinalowa pakati pa mitumbira, njinga ikutitimira mumchenga. Koma titayenda pang'ono dzanja lija linayamba kusochera. Linaloza apa, linaloza apo, linabwerera. Atate ankapeza malowo powerenga mapazi awo ndi poona kachitsulo. Tsopano mapazi sakuyenda, kachitsulo kulibe, ndipo pamene panali kanjira pagona anthu achilendo. Tinazungulira mpaka dzuwa linatiwotcha, ndipo pomaliza dzanja linagwera pamwendo. Pamenepo ndi pamene analira, kulira kopanda mawu kumene sindikufuna kudzakuonanso.

Ndawerenga mitumbira ya mbali imeneyo imene ingakhale ya chaka chathu. Ilipo makumi atatu ndi umodzi. Amayi ali mwa umodzi wa imeneyo, ndipo dzina lawo laima kutsidya kwa msewu pamwamba pa mwana wa eni ake, amene abale ake tsiku lina adzabwera n'kupeza kuti tawalanda.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, pakuti ngakhale ine sindinafike poganiza zimenezo. Chimene ndikupempha ndi ichi. Tsiku loika maliro ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndimangokumbukira nsapato zimene zinkandithina. Inu munali ndi khumi ndi zitatu, munayenda kumbuyo kwa bokosi, ndipo munapitako ndi atate kangapo musanachoke. Khalani pansi mukumbukire. Kodi panali chulu, ndipo chinali kudzanja liti? Kodi mtengo unali kutali bwanji pamene munkaponya dothi? Kodi pafupi panali manda a mwana, kapena a simenti? Kalikonse, ngakhale kooneka kopanda pake, kalembeni papepala.

Ngati kuntchito angakuloleni, bwerani mvula isanagwe. Ikangogwa udzu umera mpaka m'chiuno, mitumbira ina ititimiranso, ndipo njinga ya atate singalowekonso mpaka chaka chamawa. Kunena zoona, mmene akuonekera masiku ano sindikudziwa ngati chaka chamawa n'chawo. Mudzaime pa chitsa chija muyende nokha kulowera kumadzulo, iwo akukuonani. Mwina awiri inu mungakumbutsane. Azakhali sindinawauze, ndikudikira mawu anu, koma mukati ndikwere basi ya ku Katete ndikagwade, ndipita.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Mwaiwathu akupereka moni wambiri. Ndiye amene akuwadyetsa atate tsopano, chifukwa supuni ikakhala m'dzanja langa satsegula pakamwa. Lero m'mawa ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati ndiikemo moni wawo. Sanandiyang'ane. Anayang'ana Mwaiwathu n'kuloza chitseko, ndipo iye ndi amene wandiuza kuti ndilembe kuti akukudikirani.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe kudzitcha choncho,

Silas