Kugula Randi Zanga Zomwe

Lachinayi, 10 Julayi 2003

Mtedza wonse ndagulitsa, kupatula pang'ono wa mwana wanga Luwiza. Mtengo wonyoza, koma wapita. Nkhumba ziwiri nazonso.

Luwiza wanga anaimba lamya ku positi. Tsiku lake ndi mwezi wamawa. Mimba ziwiri zoyamba zija zinapita padera ine ndili kuno kwa Mkanda, mwana akulira yekha ku Joni. Ulendo uno ayi. "Amayi mubwere, ndikuopa." Mawu amenewa sakundichoka m'khutu.

Lero mpaka pa boda. Anyamata osintha ndalama aja andipatsa randi mosavuta, monga timachitira tikamapita ku Chipata kukagula zitenje. Ndalama zake nyama zokhazokha: chipembere, njovu, njati. Ndazisokera m'lamba wansalu. Mulungu ndi wabwino.

Lolemba, 14 Julayi

Lilongwe. Fumbi, phokoso, mapazi kutupa.

Basi ya ku Joni imadutsira ku Tete, choncho pasipoti ndaisiya kwa kazembe wa Mozambique kuti aikemo viza. Koma ndisanaisiye, mayi wogulitsa matikiti anaitsegula, kuiona uku ndi uku. "Nanga chidindo cha banki chili pati?" Ine kufunsa, chidindo chanji? Akuti randi zopanda chidindo cha banki m'pasipoti amalanda pa Mwanza, ndipo ukafika pa chipata cha Joni wopanda ndalama amakubweza pa basi yomweyo.

Zaka zonsezi kuwoloka boda ngati popita kudimba, ndani anandifunsapo chidindo? Mabanki awiri m'tauni muno yankho limodzi: randi kulibe, pitani komwe kuli akaunti yanu.

Lachitatu, 16 Julayi

Viza yatuluka! Ndaipsompsona pamaso pa mlonda, iye kuseka. Aseke. Basi ndi Lachiwiri likubwerali.

Lachisanu, 18 Julayi

Ku banki pa boma, komwe timalandirira za fodya. Pawindo la ndalama zakunja pali mtsikana, dzina Esitele, wowonda, wamagalasi, msinkhu wa Luwiza. Anati randi zinatha kalekale, anthu akudikira chiyambire Meyi. Ndinamunong'oneza kuti zanga ndili nazo m'chiuno. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako nzeru: ndiwagulitse a banki randi zangazo, iwo andigulitsenso pomwepo, ndi chidindo. Ndiluzapo ya kamba wa panjira, koma ndiwoloka.

Ndinapita kuseri, kumasula lamba, kupereka zonse. Anandipatsa makwacha, nalowa kwa bwana kukasainitsa.

Anatuluka nkhope itagwa. Bwana akuti zikalowa m'banki ndi za banki, ndipo woyenera kuyamba kugula ndi amene anayamba kudikira, dalaivala wina wa thiraki, a Saulosi. Ine ndibwere Lolemba, tione ngati zitsale. Kutsala chiyani? Ndi zokhazo m'banki monse!

Ndinakalipa, sindibisa. Ndinati mwandilanda masanasana, kuposa a pa Mwanza. Esitele misozi ili lengelenge. "Amayi, ndine ndakulowetsani m'zimenezi, ndisiyireni." Ndabwera ndi mtolo wa makwacha wopanda ntchito.

Lamulungu, 20 Julayi

Wabadwa! Dzulo masana, nthawi isanakwane. Wamkazi. Wamng'ono kwambiri, koma akulira, akuyamwa. Luwiza ali moyo. Mkamwini wanga Laston anaimba kwa abambo mfumu, iwo analengeza Misa itatha. Ndinagwada pafumbi pomwepo, amayi anzanga nthungululu.

Uthenga wa Luwiza: mwana satuluka chikuta mpaka ine ndifike, ndidzamusambitse ndekha. Ndifulumire mchombo usanagwe.

Chimwemwe chonsechi, randi ndilibe. Kudya kwandikanika.

Lolemba, 21 Julayi

Ndinafika banki isanatsegule. Pakhonde bambo wina wamimba, wovala malaya a mafuta okhaokha ndi patapata, akudya chinangwa. Ndinamuyang'ana moipa, mtima unandiuza kuti ndi yemweyo, dalaivala wa thiraki uja.

Ndi yemweyodi. Kani Esitele dzulo, m'malo mopuma, anakwera njinga ya kabaza mpaka pa boda, kuyenda thiraki ndi thiraki kufunsa a Saulosi. Anawapeza pansi pa galimoto akumanga. Anawauza zonse.

Bamboyo analowa kwa bwana osagogoda. Mawu ake timamva tonse panja: "Ine ndimafuna zogulira matayala. Ndigule matayala ndi nkhumba za agogo awa? Apatseni, ndidikira zina." Potuluka anandipatsa moni wa manja awiri, nati nawonso wawo woyamba anabadwira kutali, mayi awo osamuona. Anandiuzanso kuti pa Tete ndisagule madzi a m'mapepala.

Ndiye ndagula randi zanga zomwe. Njati zomwe zija, ina ndinaizindikira ndi kakung'ambika pakona. Zachepako, inde. Koma chidindo chili phaa m'pasipoti, inki yofiirira, siginecha ya bwana pamwamba.

Ndinapepesa Esitele chifukwa cha pakamwa panga. Anangoti ndikamupsompsonere khandalo. Mtedza womwe ndinasungira Luwiza ndaugawa patatu, wina wa Esitele, wina wa a Saulosi. Luwiza amva. Anthu awa si abale anga, sitipemphera mpingo umodzi, masiku anayi apitawo sindinkawadziwa n'komwe. Ambuye, muwakumbukire pomwe ine sindingathe.

Lachitatu, 23 Julayi

Ndikulembera pabondo, basi yaima pa chipata cha Joni. Msana ngati wandimenya munthu.

Dzulo pa Mwanza wa yunifomu anatsegula pasipoti, kuona chidindo, kundibwezera osanena kanthu. Chonchi basi! Sabata yonse ya misozi, iye kungoyang'ana kamodzi. Mayi wina wa kumpando wakumbuyo analibe chidindo. Anatsala pomwepo ndi zikwama zake, akulira. Ndikanakhala ine. Ndamupempherera njira yonse ya Tete.

Pano atidinda kale, talowa. Mnzanga wa pampando ali ndi foni yam'manja, wandiimbira Laston. Mchombo sunagwe. Wauma, akuti ukulendewera pang'ono, koma sunagwe. Kumbuyo ndinamva kakulira, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Ndinaikakamira foniyo kukhutu, mwini wake anachita kundilanda.

Laston akuti dzina akudikira ine, ndikatchule tsiku lotuluka chikuta. Ndaganiza kale. Saulosi pa mwana wamkazi sizingatheke, bambo aja andikhululukire.

Dalaivala akuliza hutala. Esitele, mdzukulu wanga, gwira mchombowo, agogo ali panjira.