Kalata ya ku Khoti

Lachinayi, 12 Okutobala 2006

Lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Achimwene atamva kuti ndalandira kalata ya ku khoti, anyamuka ku Indianapolis osadya n'komwe. Masana atulukira kuno ku South Bend, nkhope ili ndwii, Baibulo kukhwapa. Kwathu kalata ya khoti ndi chisamani basi.

"Mlongo wanga, wapalamula chiyani?"

Ndawawerengera. Sindinapalamule kanthu. Poti tsopano ndine nzika ya dziko lino, andiitana ku juri, gulu la anthu wamba omvetsera mlandu n'kugamula.

Apumira m'mwamba, kenaka ayamba ina. "Ndiye n'zosavuta. Tikatenge kalata kwa dokotala. Ndi mwendo wa poliyowu akukhululukira, usakavutike."

Ndikudziwa n'chikondi. Koma chikondi chomwechi chinkandikhazika pansi pa mtengo ku pulayimale, kulondera zikwama anzanga akusewera. Pa ukwati wa msuweni wathu Chisomo anandipatsa mpando wa pakona, ati ndipume. Ndapuma zaka makumi anayi.

Ndaimba foni ku khoti iwo ali pompo. Mayi woyankha sanati pepani. Wangofunsa kuti, "Mudzafuna chiyani kuti mudzakhale bwino?" Ndati chikepe, ndi mpando wa kumapeto poti ndiyedzekepo ndodo zanga. Akuti zonse zilipo.



Mwina ndikapitako Lolemba sakandisankha n'komwe, poti pa oitanidwa amatengapo ochepa. Komabe suti yabuluu ndasita kale. Zikwama akalondere wina, ine ndikukamva mlandu, ndipo akandifunsa maganizo…