Girayinda ya Bambo a Mazvita

Lolemba, 5 Juni

Amuna anga, bambo a Mazvita, abwera ndi girayinda yakale yonolera zitsulo pa wilibala, yadzimbiri yokhayokha. Awapatsa ndi a Gedion, anzawo a kumgodi. Akuti aisandutsa makina opukutira zogwirira za mabokosi a maliro ndi timapuleti tamkuwa tolembapo dzina, za gulu lathu la maliro kuno ku Mandava. Ndawakumbutsa za kukiliniki: mapapo awo anatha ndi asibesito amene ankakumba kumgodi, fumbi lililonse asaliyandikire. Angoti, "Aikona, Mai Mazvita, nsalu ilibe fumbi." Munthu wosamva ameneyu!

Lachitatu, 7 Juni

Achotsa miyala yonolera ndi zotchingira zake zomwe. Ovolosi yawo yakumgodi aidula mozungulira, zidutswa makumi awiri, ine ndisoke pamodzi likhale gudumu lopukutira. Ndasoka, nditani. Zala zikuwawa.

Lachinayi, 8 Juni

Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndathokoza Mulungu chamumtima.

Loweruka, 10 Juni

Yayaka. Ikulira moti nkhuku zathawira kwa aneba. Chogwirira choyamba chawala mpaka ndaonamo mano anga, iwo kuseka ngati mwana. Chitsekere mgodi sindinawaone akuseka chonchi, ndiye ndatseka pakamwa. Koma ulusi ndi polishi wakuda zili paliponse, pakhoma, m'ndevu, m'mphuno. Kansalu kapamphuno akuti kakuwabanikitsa.

Lachiwiri, 13 Juni

Chifuwa chawo chasintha mawu, chikuchokera pansi. Pochapa ndapeza mpango wawo wam'thumba ataubisa m'nsapato. Si polishi yekha ali pamenepo. Ndikuopa. Mwana wathu Mazvita ku Gweru sindinamuuze.

Lachisanu, 16 Juni

Masana girayinda imangolira yokha osamveka kukhudza chitsulo. Ndinathamanga ndi thovu m'manja. Ndawapeza atakhala pa kireti, akupuma ndi mapewa, mapuleti atatu osapukuta ali pamiyendo.

Ndinati ndizimitse. Andigwira mkono.

"Isiye. Ima apa. Chitsulo uzigwirira kumunsi kwa gudumu, ukakweza chikuthawa n'kukumenya kumaso. Wamva?"

Zaka makumi atatu sanandilolepo kukhudza ngakhale sipanala yawo.

"Mundiphunzitsa mawa, mukapeza bwino," ndinatero.

"Lero, Dorika."

Ndamanga nsalu pamphuno, ndapinda manja a bulauzi, ndatenga puleti loyamba.