Tayamika Asapite ku Goliati

Rosettenville,
Johannesburg.
9 Malichi.

Okondedwa achimwene a Simeoni,

Ndiyambe ndi moni, poti amayi anatilera kuti ngakhale munthu wakwiya chotani, moni ndiye amatsogola. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Angella? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kukafika kutchalitchi? Ine kuno Mulungu akundisunga, thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Pafoni mukumandizemba. Ndikangotchula dzina la mwana wanga Tayamika, netiweki ya pa esiteti imadwala nthawi yomweyo, koma tsiku lija tinkakambirana za saizi ya nsapato zanu inali yamphamvu mpaka mapeto. Ndiye kalatayi ndapatsira a Goodson, adalaivala aja amatinyamulira katundu mpaka pa Luchenza. Pepala simungalidule pakamwa.

Za kuno n'zochepa. Ndikadali kusamala agogo achizungu aja, ndipo tsopano ayamba kundiitana dzina la mwana wawo amene ali kunja. Ndimangovomera. Apolisi avuta pa siteji ya matakisi, akufunsa mapepala aliyense wooneka mlendo, moti Sabata lapitali kopemphera tinali owerengeka. Denga la chipinda chimene timagona ndi mnzanga Joan likudontha, mwini nyumba akungoti mawa.

Tsopano nkhani imene mukuithawa. Ndiinena monga ndaimvera kwa amayi, kwa alamu ndi kwa mwiniwake Tayamika, kuti ngati pena ndanama mundikonze.

Akuti Lachisanu lina munalowa mu Sitandade 5 ndi zithunzi n'kuzimata pa bolodi. Munawauza ana za anyamata awiri apachibale, okonza njinga, amene anapanga ndege. Munawauza za amisiri omanga milatho atalendewera pa zingwe pamwamba pa mitsinje. Kenaka munafika pa mayi wa ku Russia amene ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, n'kudzakhala mkazi woyamba kupita m'mlengalenga, pobwera n'kutsika ndi parachuti. Munanenetsa kuti anthu otere akagwa amadzuka n'kuyesanso. Tayamika akuti kalasi yonse inali zii, ngakhale aja amangokhalira kutsinana. Ndikukhulupirira, pakuti pakamwa panu ndimapadziwa. Munkatinamiza tili ana mpaka ife kuiwala kotunga madzi.

Belu litalira munapinda mabuku msangamsanga kuti mukakonzekere Sabata, n'kuwauza kuti za momwe anthuwo ankakonzekerera ndi kuyesera zinthu zawo mudzanena Lolemba. Achimwene, inu mphunzitsi wa zaka zonsezi! Kuwapatsa ana moto Lachisanu, madzi ozimitsira n'kuwasungira Lolemba? Pakati apo pali Sande, tsiku limene kumunda sikuthyoledwa tiyi, akuluakulu ali kumsika, ndipo maepuloni apulasitiki a othyola tiyi achapidwa, ali ndandanda pa zingwe kuseri kwa nyumba za antchito zija za palayini.

Anawo anawayanula maepuloniwo, a alamu omwe, n'kuwasoka pamodzi ndi ulusi wa matumba a feteleza. Anakwera pa denga la shedi yoyezera tiyi ija ili m'mphepete mwa munda. Ndipo mwana wanga, poti ndiye anakonda nkhani ya mayi wa m'fakitale, anati woyamba akhala iyeyo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti sanalumphe mwachisawawa. Anaganiza. Anasiya mbali ya msewu poopa miyala, n'kusankha mbali ya tiyi. Ana a masiku ano saloledwa kulowa m'munda, ndipo ndi bwino kutero, koma ndiye tiyi amangomudziwa pamwamba, wosalala, wobiriwira, wooneka ngati ungagonepo. Inu ndi ine tinathyolako, tikudziwa kuti pansi pa masambawo pali zisonga zokhazokha za mitengo yodulira. Iye ankaona matiresi. Dzanja lamanja lathyoka, lili m'chikhakha, ndipo chisonga chinamung'amba ntchafu mpaka kusokedwa. Chikanalowa pamimba bwenzi kalatayi ndikulembera maliro.

Zotsatira zake ndazimvanso. Lolemba azimayi analowa m'munda opanda maepuloni, n'kunyowa mpaka m'chiuno. Akapitawo anakanena ku ofesi, a ku ofesi anaitana ahedi, ahedi anaitana inu, ndipo munakumbutsidwa kuti nyumba imene mukukhalamo ndi ya esiteti. Pobwera kumeneko munamatula zithunzi zonse n'kuyamba masamu. Lolemba limene munawalonjeza ana lija mpaka lero silinafike.

Zonsezi ndikanazimeza. Koma amayi andiuza, molankhula motsitsa ngati akuba, kuti mwagamula zoti chikhakha chikangochoka, Tayamika apite kukakhala kwa achemwali a Marita ku Goliati, kuti akuluakulu a esiteti aone kuti mwachitapo kanthu. Achimwene, mukudziwa bwino lomwe za pakhomo paja. A Marita ali ndi mapasa oyamwa ndi dimba la matimati lofuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Sukulu ili kutsidya kwa mtsinje. Sindikuwanena achemwali, ndi munthu wabwino, koma tonse tikudziwa chimene mwana wamkazi wa zaka khumi amakachita pakhomo pa mapasa. Chaka chikamatha adzakhala ndi mwana kumsana, kope litasanduka loyatsira moto. Ine ndikutsuka matewera a munthu wamkulu kuno kuti mwana ameneyu asadzagwire dengu la tiyi.

Ndipo ndifunseko. Amene anagwirira makwerero tsiku limenelo si Mwai, mwana wanu? Amene anabweretsa singano ya matumba si yemweyo? Iye simunamutchule. Ndikudziwa chifukwa chake. Mwai eni ake ndi amalume ake a ku Khwethemule, ndipo mutangoyerekeza kumusamutsa angakufikireni pakhomo dzuwa lisanatuluke. Amene muli naye mphamvu ndi wa mlongo wanu, ndiye mwatola yemweyo, amene mayi ake ali kutali ndipo bambo ake anasowa kalekale. Umwini mbumba unabwera kuti mwana wa mlongo akhale ndi pothawira, osati kuti akhale wopereka nsembe zinthu zikavuta kuntchito.

Sindikuti ndinu munthu woipa. Alamu andiuza kuti munamubereka nokha kuthamanga naye kuchipatala, malaya anu ali magazi okhaokha, ndiponso kuti masiku amenewo chakudya chinkabwerera m'mbale. Ndikudziwanso kuti mukachotsedwa m'nyumbamo amayi alibe kolowera. Mantha anu ndikuwamva. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu wa banja lathu ndinu.

Ine poyamba ndinali kumbali yanu. Ndinauza Joan kuti zithunzizo zitenthedwe, ana aziphunzira kulemba ndi kuwerengera basi, za kumwezi azisiyire eni ake. Nditamupeza Tayamika pafoni ya alamu ndinamukalipira mpaka mawu kundithera. Nditamaliza anandiuza, mwaulemu wake wonse, kuti iye waona pamene panalakwika: shedi ija ndi yaifupi, parachuti sinapeze nthawi yotambasuka, ndiponso maepuloni anachepa. Anatinso anayenera kuyamba waponya dzungu lolemera kuti aone ngati lisweke. Ndinatsala pang'ono kuponya foni kukhoma. Mwana dzanja lili m'chikhakha, iye akuwerengera maungu!

Koma nditakhala pansi ndinaona kuti za dzunguzo palibe anamuuza. Wazipeza yekha, atalipira ndi fupa lake, pamene inu mukanamuuza ndi choko. Anandifunsanso ngati mayi wa m'fakitale uja anangodzuka tsiku limodzi n'kulumpha. Ine ndidziwira kuti? Tinachita kufufuza pafoni ya Joan, n'kupeza kuti mayiyo anaphunzira kulumpha nthawi yaitali ali ndi alangizi, ndipo a ku Russia asanatumize munthu aliyense kumwambako anayamba atumiza agalu. Okonza njinga aja nawonso akuti anayamba ndi kuulutsa chinthu chomangirira ku zingwe iwo ali pansi. Taonani, ine wolekezera Fomu 2 ndikuphunzitsa phunziro lanu pa foni ya eni, mayunitsi akutha, inu muli phee ndi satifiketi yanu.

Kenaka anandifunsa ngati ine, tsiku limene ndinakwera thiraki kubwera kuno, ndinkadziwa pamene ndikafikire. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa akamwe phala.

Za ku Goliati sakudziwa, ndipo ndawapempha amayi kuti asamuuze. Kusukulu wabwerera, akulemba ndi dzanja lamanzere zilembo zokhotakhota. Anzake amupatsa dzina loti Roketi, ndipo akuti limamusangalatsa. Pofotokoza za kusokedwa ntchafu sanalire. Analira pondiuza kuti akakweza dzanja m'kalasi amalume amayang'ana kumbali, ndipo kunyumba amalankhula naye kudzera mwa alamu. Iye akuganiza kuti mwakwiya chifukwa analephera kuuluka.

Pempho langa ndi limodzi. Mwanayo musiyeni pomwepo, pakhomo panu ndi m'kalasi mwanu, ndipo mumalize phunziro lija. Pitani kwa ahedi mukawauze zoona, kuti ana anamva theka la nkhani, ndipo theka lotsalalo ndi limene lingawaletse kukweranso padenga. Kumatula zithunzi sikuchotsa kanthu m'mitu mwawo. Mukuganiza kuti Mwai ndi anzake asiya? Akungodikira kuti maepuloni ayanikidwenso. Auzeni za agalu, za zingwe, za zaka zokonzekera, ndiponso za amene anafa chifukwa chothamangira, pakuti ndamva kuti aliponso. Ngati ahedi alola, mukaponye dzungulo nokha ana akuonerera ali pansi. A Goodson ndawapatsira mpukutu wa pulasitiki yolimba, alamu akagawire azimayi onse amene maepuloni awo anaonongeka, ndipo akawapepesere m'dzina langa. Pakamwa pawo pakatsekeka, ku ofesi nakonso kuzizira.

Mukakana, ine ndilibe mphamvu. Mbumba ndi yanu, ndipo sindingadumphe mawu anu ndili kuno. Koma mukatero musatume amayi kapena alamu kuti akamuuze. Mumuitane nokha, mumuyang'ane kumaso, mumuuze kuti zija munanena pa bolodi, zoti wogwa amadzuka n'kuyesanso, zinali za anthu a pa zithunzi, osati za mwana wa palayini. Ine zimenezo sindikamuuza. M'kalasi monse muja ndi iye amene anakukhulupirirani ndi thupi lake lomwe.

A Goodson abwerera kuno kumapeto kwa mwezi. Yankho lanu mulembe, musandiimbire, netiweki yanu ndaidziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ali m'chikwama chimene ndapatsira a Goodson. Moni kwa alamu anga, ndipo ndikuthokoza chifukwa chomusambitsa mwanayo masiku onsewa. Moni kwa achemwali ndi mapasa awo, kwa azakhali, ndi kwa Mwai, amene ndidzakambirane naye bwino ndikadzabwera. Tayamika moni wake musatumize munthu. Mukamupatse nokha.

Ndine mlongo wanu wokwiya, koma wanu ndithu,

Dainess